Mayi Amene Anakana Kuzimitsa Foni

Mukafika kumidzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi n'kufunsa kwa mayi Aliness Nakhumwa, anthu amayamba akuyang'anani kaye, kenako wina n'kuseka: "Mukunena a Wailesi?" Dzinali linabwera ngati chipongwe, koma mwini wake analilandira ndi manja awiri.

Aliness anabadwira pomwepo, m'mudzi wa amayi ake, pamalo pamene agogo ake anafikira atawoloka kuchokera ku Mozambiki ndi mphasa kumutu ndi mbewu ya kalongonda m'kathumba. Sukulu analekezera Sitandade 3, chaka chimene bambo ake anamwalira. Kuyambira pamenepo mapazi ake anadziwa tinjira tonse ta m'phiri tokatolera nkhuni, ndipo manja ake anazolowera khasu, chinangwa ndi nandolo. Dzina lake amalemba, koma kalata yaitali amapatsa wina kuti amuwerengere. Chimene Mulungu anam'patsa mosaumira ndi mawu. Pamaliro ndiye amayambitsa nyimbo, ndipo akamakalipira mbuzi zake tsidya lino, a tsidya lina nawo amabweza zawo.

Amuna ake, a Dyson, ndi munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Anabwera kudzakhala chikamwini kuchokera ku Kaduya, ndipo amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Chiringa. Mawu awo a tsiku ndi tsiku ndi akuti mkamwini sakweza mawu pamudzi pa eni.

Foni inabwera ndi Rejoice, mwana wawo woyamba, amene amagulitsa m'sitolo ku Limbe. Inali yakale, galasi long'aluka pakona.

"Amayi, simufunika kulemba," anatero Rejoice. "Mungodina apa, mulankhule, mukamaliza musiye. Ine ndimva ndili ku Limbe."

Aliness anaona kuti chinthuchi anachipangira iye. Vuto linali netiweki, chifukwa m'mudzimo imachita manyazi. Imagwira bwino pamwamba pa chulu chachikulu kuseri kwa tchalitchi, ndipo nthawi zina foni ikasokonezeka imakoka ya ku Mozambiki. Motero anthu anazolowera kumuona mayi wamkulumkulu ataima pachulu, dzanja m'mwamba, akutumiza nkhani za mbuzi ndi za mvula kwa mwana wake.

Mu Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy inagwa masiku angapo osapuma, phiri linasanza matope ndi miyala. Nyumba zinapita, minda inapita, anthu anapita. Aliness ndi a Dyson anathawira kusukulu pamodzi ndi opulumuka ena. Ku Limbe, Rejoice anatsegula gulupu pa Watsapu kuti abale azifunsana amene ali moyo, ndipo aliyense ankalowetsamo mnzake. Aliness ankatchaja foni pa sola ya mphunzitsi wina, n'kumayenda kalasi ndi kalasi kufunsa mayina. Akamaliza ankakwera pachulu m'matope momwemo n'kunena: "A Frank a kuchigwa ali moyo, athyoka mwendo basi. Alesi ali pano ndi ana awiri, wachitatu tikumufunabe." Anthu a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni ankadikira mawu akewo ngati mvula yoyamba. Pamene matope ankauma, gulupuyo inali ndi anthu oposa mazana awiri. Sinatsekedwe. Inatsala yolengezera maliro ndi kuuzana mtengo wa nandolo.

Pakati pa zinthu zimene madzi anatenga panali kamlatho ka matabwa ka pamtsinje wa Nanthowa, kamene anthu ankawolokera popita kuchipatala ndi kumsika. Dzinja lotsatira, mwana wa mng'ono wake wa Aliness matenda a uchembere anamuyamba mtsinje utadzaza. Amayi anayi, Aliness ali patsogolo, anamunyamula pachitseko, madzi akulekeza m'chifuwa. Anawoloka, mayi ndi khanda ali moyo mpaka lero, koma Aliness atafika tsidya linalo analumbira mumtima kuti mlatho umenewu udzabwerera iye ali ndi maso.

Ndiye kunamveka kuti bungwe lina lothandiza anthu lalonjeza kumanga chinthu chimodzi m'deralo, ndipo eni dera asankhe okha chimene akufuna. Uthengawo unafikira ku komiti ya chitukuko ya midzi isanu ndi umodzi. Wapampando wake anali a Eneya Mukhova, eni chigayo cha m'mbali mwa msewu, amene kale anali kalaliki kuminda ya tiyi ku Mulanje. Sanali munthu woipa mtima. Pamaliro ankatumiza ufa osapemphedwa. Koma ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu wosaphunzira ukamufunsa maganizo umangotaya nthawi.

Nkhaniyi Aliness anaimva kwa Gertrude, mnzake wa kuubwana, amene anali mayi yekhayo m'komiti ya anthu khumi. Anakumana panjira ya kudimba.

"Anzanga, zija zatha," ananong'ona Gertrude. "Alemba kuti anthu asankha shedi ya msika. Imangidwa pamsewu, pafupi ndi chigayo."

"Anthu ake ati?"

"Anthu. Inu ndi ine."

"Ine ndinasankha liti? Ndinali m'tulo?"

Gertrude anayang'ana pansi. "Ine ndimangokhalamo, anzanga. Ndikati ndilankhule amati nthawi yatha. Lachinayi tikukasaina."

Lachinayi Aliness anasiya nandolo wake padzuwa, anamanga chitenje chopitira kutchalitchi, n'kupita kusukulu kumene komiti inkakumanira. Analowa m'kalasi, anakhala pabenchi yakumbuyo, anaika foni padesiki, n'kudina pojambulira mawu.

A Eneya anatsitsa magalasi. "Mayi, mwasochera?"

"Sindinasochere, bambo. Ndabwera kudzamva zimene ndinasankha, poti akuti ndinasankha nawo."

Ena anaseka chamumtima. A Eneya sanaseke.

"Uno ndi msonkhano wa komiti. Zimene tigwirizane pano tidzakuuzani nthawi yake ikakwana."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, bambo. Lero ndimva ndekha, ndipo anzanga amva nawo."

Apo m'pamene maso a wapampando anagwa pafoni. "Chimenecho chikutani?"

"Chikumvetsera."

"Zimitsani."

"Mukanakhala kuti mukukamba za m'nyumba mwanu, ndikanazimitsa, ndikanatulukanso chogwada. Koma mukukamba za ife. Sindizimitsa."

"Mayi inu, mumadziwa n'komwe kuti ndondomeko n'chiyani? Mungawerenge pepala ili?"

"Sindingawerenge. Koma mtsinje wa Nanthowa ndinauwerenga ndi chifuwa changachi. Inu munauwerengapo?"

Amuna awiri anadzuka, n'kumuperekeza pakhomo momulemekeza koma mosamupatsa mpata. Aliness sanapite kutali. Anakaima pawindo, ndipo a m'katimo ataona mutu wake anayamba kunong'onezana. Aliness ataona kuti foni sikujambulanso mawu awo, anaiyandikiza pakamwa pake n'kulankhula mokweza kuti a m'kati amve nawo.

"Abale anga, ndine Aliness, yemwe uja ndinkakuuzani za amoyo ndi akufa. Ndili panja pa kalasi, anditulutsa. M'katimu muli anthu khumi akusaina kuti inu ndi ine tasankha shedi. Mwina ine ndekha ndi amene anandidumpha. Ngati alipo amene anafunsidwa, ayankhe, ndipepese."

Anapita kuchulu n'kutumiza m'gulupu zonse ziwiri, mkangano wa m'kalasi ndi mawu a pawindo.

Dzuwa lisanalowe foni inali itatentha ngati mbatata yootcha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati anafunsidwa. Ena ankatukwana, ena ankaseka mmene anawayankhira a Eneya, ena ankafunsa kuti komitiyo anaisankha ndani ndipo liti. Mnyamata wina wogwira ntchito ku Blantyre anatumiza mawuwo kwa mlangizi wa bungwe lija, ndipo patapita masiku kunabwera yankho loti pepala la komiti liyembekeze kaye mpaka zidziwike bwino.

Koma wogenda njuchi asamadabwe zikamuluma. Sabata yomweyo komiti inkagawa mbewu ya chinangwa, ndipo dzina la Aliness silinapezeke pamndandanda. Mkulu wina wa mpingo anamuitanira pambali n'kumupempha kuti ayambe wapumula kuyambitsa nyimbo, poti akristu ena akhumudwa. Pamsewu achinyamata akamuona ankafuula kuti, "Tsegulani Wailesi timve nkhani!" Iye ankaima n'kuwayankha kuti, "Yatseguka kale, mukufuna za kuno kapena za kunja?" Ku Chiringa, anzawo a a Eneya anasiya kubweretsa njinga kwa a Dyson.

Tsiku lina a Dyson anafika masana dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sankachita. Anatsamiritsa njinga pankhokwe, anakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana mkazi wawo akusenda chinangwa cha makaka.

"Mayi a Rejoice, ine pano ndine mlendo. Anthu akamakunenani, amati mwamuna wake ali kuti. Bwanji osangozisiya? Shedi nayonso ndi chitukuko."

"Sindikulimbana ndi shedi, bambo a Rejoice. Ndikulimbana ndi kundiikira mawu m'kamwa ngati ndine mtembo. Munthu wamoyo amafunsidwa."

"Nanga akatichita choipa?"

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Munandipeza ndili ndi pakamwa pomwepa, munapakonda nokha."

A Dyson anadzuka n'kulowa m'nyumba. Koma m'mawa mwake, ponyamuka, anatenga foni ija pawindo n'kuiika m'thumba la malaya. Anakaitchaja ku Chiringa n'kubwera nayo yodzaza, bandulo ya intaneti ili momwemo. Kuyambira tsiku limenelo imeneyo inakhala ntchito yawo, ndipo sanainenepo kanthu.

M'gulupu anthu ambiri ankati mlatho, ndipo Aliness mtima unali m'malo. Amene anamusokoneza ndi Gertrude yemwe uja.

"Anzanga, ndikuuzeni zoona musandide," anatero atabwera kudzabwereka lichero. "Gulupu yanuyi ndi komiti yathu yomwe ija, kungoti ndi yaikulu. Akulankhula ndi a mafoni: a m'tauni, a ku Joni, azibambo a pamsewu. Amayi a kumtunda kuja ndani ali ndi foni? Okalamba ndani wawafunsa?"

Aliness anapsa mtima moti lichero analipereka osayang'ana. Masiku awiri sanamulankhule mnzakeyo. Tsiku lachitatu anam'pitira yekha.

"Munanena zoona. Zinandiwawa chifukwa n'zoona. Tiyeni mundiperekeze."

Anayenda masabata atatu, akamaliza za kumunda. Ankafika pakhomo, kupereka moni, kukhala pamphasa, n'kuyamba kutsegula mawu a ena pafoni kuti eni khomo amve zimene zikukambidwa. Kenako Aliness ankati, "Tsopano nenani zanu. Dinani apa, kapena ndikudinireni." Ena ankaopa, ankati mawu awo akafika kuboma adzamangidwa. Ena ankayamba ndi kupereka moni kwa abale onse a ku Joni mmodzimmodzi, mpaka Gertrude kuwakumbutsa funso. Amene Chichewa chinkawathawa ankawauza kuti alankhule Chilomwe chomwecho, womasulira apezeka.

Kumudzi wakumtunda kwenikweni anapeza a Amosi, bambo wokalamba amene miyendo inaleka kugwira ntchito zaka zambiri zapitazo. Anagwira foni ndi manja awiri ngati mbale ya madzi.

"Mwati anthu andimva? Ine pano?"

"Akumvani, bambo, mpaka ku Lilongwe."

A Amosi analankhula m'Chilomwe pang'onopang'ono. Anati chibadwire chawo munthu sanabwerepo kudzawafunsa maganizo pa chinthu cha mudzi. Anati iwo mtsinje sawoloka, msika sapitako, koma chitsime chawo chinakwiririka ndi matope a Freddy, ndipo mdzukulu wawo wamkazi amene amawasamala amanyamuka m'bandakucha kukatunga madzi kutali, n'kubwera dzuwa litakwera, ana ake atapita kusukulu osasamba. "Ine ndikupempha madzi," anamaliza motero.

Sanali okha. Khomo ndi khomo kumtundako, amayi ankanena chimodzimodzi: mjigo. Mlatho ankauvomereza kuti ndi wofunika, koma ankati mtsinje umadzaza miyezi itatu, pamene ludzu ndi la tsiku lililonse.

Madzulo a tsiku limenelo Aliness anakwera pachulu yekha. M'foni munali mawu a anthu makumi anayi, ndipo ambiri mwa iwo ankagwetsa mlatho wake. Palibe akanadziwa akanasiyako ena. Anakhala pansi pachulupo, akukumbukira kuzizira kwa madzi aja m'chifuwa ndi kubuula kwa mwana wa mng'ono wake pachitseko. Chala chinayendayenda pagalasi long'alukalo. Kenako anadzifunsa kuti, akasiyako ngakhale mawu amodzi, adzasiyana pati ndi amene anamutulutsa m'kalasi? Anatumiza onse, kuyambira ndi a Amosi.

Zinthu zikuyenda choncho, kunagwa china. Munthu wina wa ku Joni anaponya m'gulupu chithunzi cha nyumba yaikulu ya malata ofiira, n'kunena kuti a Eneya analandira kale simenti ya bungwe lija, ndipo akumangira nyumba imeneyi mkazi wachibwenzi ku Mulanje. Nkhaniyo inayenda ngati moto wa m'chilimwe. Pofika m'mawa wa Loweruka, gulu la anthu linali litasonkhana pamsewu, ena atatola miyala, akuti akaphwanye chigayo.

Aliness anamva ali kumunda. Anathamanga khasu lili m'manja, n'kukaima pakhomo pa chigayo, msana kuchitseko.

"Amene waona simentiyo ndi maso ake abwere kutsogolo!" anafuula.

Palibe anasuntha.

"Bungwe silinatumize ngakhale thumba limodzi, chifukwa ife sitinasankhe. Nyumba imeneyo ndani akuidziwa? Ndani anafikapo?"

"Akugulani, a Wailesi!" anakuwa wina kumbuyo. "Akupatsani chibanzi!"

"Andigula ndi chiyani, ndi mbewu ya chinangwa imene anandimana? Bwera kuno undiuze pamaso, usabisale kumbuyo kwa anzako. Ine ndinakana kuti a Eneya andinamizire, ndipo ndikukana kuti inu muwanamizire. Woyamba kugenda ayambe ndi ine, ndipo foni iyi imujambula, amayi ake amuone."

Anakweza foniyo m'mwamba n'kuiyendetsa pang'onopang'ono pankhope zawo. Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi. Anthu anabalalika akung'ung'udza, ndipo tsiku limenelo anthu oposa makumi awiri anatuluka m'gulupu, ena atamusiyira mawu otukwana.

A Eneya anatsegula chitseko, nkhope yotuwa, osati ndi ufa wokha.

"Mwandithandiza, mayi. Koma moto umenewu munauyatsa ndinu."

"Moto umayaka pamene pali mdima, bambo. Mukanachitira zinthu poyera, bodza likanapeza pogona? Ndipatseni nambala yanu ndikulowetseni m'gulupu. Mukadziyankhire nokha."

"Ine ndizikangana ndi anthu pafoni ngati mwana?"

"Ndiye khalani chete, bodzalo likuyankhireni."

A Eneya anapereka nambalayo monyinyirika. Masiku awiri anangomvetsera. Tsiku lachitatu anatumiza mawu aatali, oyamba ndi Chingerezi n'kutsikira ku Chichewa. Anakana za simenti, ndipo mayi wina wa ku Mulanje anatsimikiza kuti nyumba ija ndi ya munthu wina. Kenako anafotokoza chifukwa chimene ankafunira shedi: kuti amayi ogulitsa tomato ndi nandolo amanyowa ndi mvula pamsewu, ndipo ogula ochokera kutali amadutsa osaima. Anthu anadabwa kuona kuti mfundoyo inali ndi mutu. Wina anawafunsa kuti, "Nanga bwanji simunatiuze chonchi poyamba?" Pamapeto pake a Eneya anavomera kuti pakhale msonkhano wa anthu onse.

Aliness, amene Rejoice anali atamuika kukhala woyang'anira gulupu, anachotsa chithunzi chija, ndipo iye ndi Gertrude anaika lamulo limodzi: wonena kuti wina walakwa anene chimene waona yekha, ndipo wonenedwayo apatsidwe mpata woyankha. Anagwirizananso kuti a m'tauni ndi a ku Joni alankhule mmene angafunire, koma kuvota avote okhawo amene amagona m'midzi isanu ndi umodziyo. A ku Joni anadandaula kwambiri. Aliness anawayankha kuti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukabwera kudzamwa nafe madzi amatope, mudzavota."

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu, Loweruka m'mawa, nthawi imene amayi anasankha okha. Anabwereka chimkuzamawu cha kutchalitchi n'kuchilumikiza ku foni, ndipo mawu a odwala ndi okalamba amene sakanatha kufika anamveka bwalo lonse. A Amosi atayamba kulankhula, ngakhale ana anasiya phokoso. Kuseri kwa chitenje anaikako ndowa zitatu: ya shedi, ya mlatho, ya mjigo. Aliyense ankalandira njere imodzi ya chimanga n'kukaponya yekha. Za osafika aja ankaponya ndi Gertrude, poyera, motsatira mawu awo. Powerenga anakhuthulira njerezo pamphasa anthu onse akuona, mlangizi wa bungwe ali pomwepo, Aliness akujambula kanema woti akatumize.

Shedi inapeza njere 31. Mlatho 187. Mjigo 214.

Amayi a kumtunda anayamba nthungululu, ena kuvina. Aliness anapitiriza kujambula, misozi ikutsika osaipukuta. A Eneya anamuyandikira, manja kumbuyo.

"Mwaona, mayi? Galu wanu yemwe wakulumani. Mukanabwera kwa ine mwaulemu, mwina tikanagwirizana za mlatho wanuwo awiriwiri."

Aliness anatsitsa foni n'kuwayang'ana m'maso.

"Ndagonja, bambo, ndipo zikundiwawa, sindibisa. Koma andigonjetsa ndi anthu 214 amene ndikuwaona ndi maso angawa, ndipo ndamva zifukwa zawo. Zimenezo ndingagone nazo tulo. Mlatho wa awiriwiri sindikanaupondapo."

Ena a mbali ya mlatho anabwera kudzamuuza kuti akane zotsatirazo, anene kuti njere za okalamba zisawerengedwe. Anawabweza ndi mawu okweza moti a Eneya nawo anamva. Kenako anapita kuchulu kukatumiza kanema uja, n'kuwonjezera mawu ake: "Abale, tasankha mjigo. Ine ndinavotera mlatho, ndaluza. Amene adzalimbane ndi mjigo umenewu adzalimbana ndi ine."

Mjigo anaukumba chilimwe chomwecho kumudzi wa a Amosi, ulendo wa ola lathunthu kuchokera kwa Aliness, ndipo iye sanatungepo kupatula tsiku lotsegulira. Dzina lake linabwerera pamndandanda wa mbewu popanda womupepesa. Nyimbo za pamaliro anayambanso kuyambitsa yekha, osadikira chilolezo, tsiku lina pamene oyimba anasowa poyambira. Komiti tsopano imalengeza m'gulupu tsiku lokumana ndi zokakambirana, ndipo Gertrude, amene masiku ano salola kuuzidwa kuti nthawi yatha, amaika foni patebulo msonkhano usanayambe. A Eneya akadali wapampando. Anthu anawasankhanso, poyera, ndi mavoti ochepa kuposa amene iwo ankayembekezera, ndipo amayankha mafunso ngakhale amayamba ausa kaye moyo. Aliness anapemphedwa kuti alowe m'komiti, koma anakana. Anati wina ayenera kutsala panja kuti aziona bwino.

Chaka cha chisankho cha dziko lonse chitafika, tsiku lina pakhomo pake panaima galimoto. Munatuluka bambo wovala bwino, wonunkhira mafuta a m'tauni, atanyamula nsalu zachipani ndi kabokosi ka foni yatsopano. Anati watumidwa ndi wina amene akupikisana nawo pachisankhocho. Anayamikira ntchito ya mayi Nakhumwa, n'kunena kuti bwana wake akungopempha kanthu kakang'ono: kuti mnyamata wawo mmodzi akhale nawo woyang'anira gulupu, azithandiza kuchotsa mauthenga osokoneza.

Aliness anali akupeta nandolo. Sanaleke.

"Osokoneza ndani?"

"Mukudziwa, mayi, anthu ena amangofuna kuipitsa mbiri ya bwana."

"Bwana wanuyo ali ndi pakamwa?"

"Ali napo, mayi."

"Ndiye kamuuzeni chonchi. Anthu a kuno asonkhanitsa mafunso asanu ndi awiri, ndipo onse opikisana tawatumizira omwewo. Awiri ayankha kale. Iye ayankhe ndi mawu ake, osati a mnyamata wake, lisanafike Lachisanu. Akapanda kuyankha, tidzangouza anthu kuti sanayankhe, sitidzawonjezera kanthu."

Bamboyo anasuntha kabokosi kaja n'kukaika pafupi ndi lichero. "Koma kamphatsoka landirani. Yanuyo yatha, mayi, galasi lonse ming'alu."

"Nyamulani, bambo, mungaiwale. Yangayi imamva bwinobwino."

A Dyson, amene anali pambali akumata chubu cha njinga, anadzuka mwakachetechete, anatola kabokosiko ndi nsalu zija, n'kukamuikira mlendoyo m'galimoto. Anatseka chitseko bwinobwino, n'kumuuza kuti pobwerera adzere njira yakumanzere, chifukwa yakumanja ili ndi mchenga.

Mayankho a bwana uja anafika Lachinayi madzulo, mafunso asanu oyankhidwa, awiri olumphidwa. Aliness anawatumiza m'gulupu monga analili, n'kutchula manambala a mafunso awiri otsalawo. M'mawa mwake anamanga foni pakona ya chitenje, anadutsira kwa Gertrude, ndipo awiriwo anauyamba ulendo wa kumtunda kuti amene alibe mafoni akamve nawo.